Chikole cha Ndalama Yakufa

1

Chikole changa chinabwerera panjinga, chitakulungidwa m'kapepala ka shuga.

Ndine Trywell, mwana wa malemu a Manase Sakala a pa boma la Chadiza. Nkhaniyi yandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba, ndipo lero ndaganiza zoilavula pamaso panu, awerengi. Amene akufuna kuseka aseke. A m'mudzi wa Zemba anayamba kale.

M'mawa umenewo ndinali pakhonde ndi amayi anga, a Misozi, tikuswa mtedza. Tinangoona bambo wamtali, waimvi, akutsika panjinga pampanda. Ndinawadziwa msanga. Anali a Wadson, amalume ake a Petronella, mtsikana amene ndinkafuna kukwatira. Iwowo ndiwo mwini mbumba kwawoko, ndipo palibe mwana wamkazi amene akanakwatiwa iwo asanagwedeze mutu.

"Odi pakhomo pano!"

"Fikani, bambo," anatero amayi. Ine ndinathamangira mpando.

"Usavutike, mnyamata, sindikhala. Ndangobwera kudzasiya maliro anu."

Anatulutsa kapepala kaja m'thumba la jekete, n'kukaponya m'lichero la mtedza. Kanafunyuluka kokha. M'kati mwake munali K2 yobiriwira ya m'zaka za m'ma 1980, imene ndinapatsa Petronella ngati chikole, chizindikiro choti ndamusankha ndipo wina asamuyandikire.

"Ife ku Zemba ndife osauka, inde," anatero a Wadson, "koma mwana wathu sakoledwa ndi ndalama yakufa. Anzako amapereka chitenje, ena foni. Iwe wakafukula ya kumanda. Ukufuna ukwati kapena ukutilosera imfa?"

"Amalume, ndiloleni ndifotokoze. Ndalama imeneyo..."

"Amalume ako ndani? Pita nayo pamsika ukagule mchere. Ukaugula, ubwere udzanditchule amalume."

Anakwera njinga yawo, koma phazi linaphonya pedulo kawiri. Ine ndinkayesa kuti ndi ukali.

Amayi sanawayang'ane n'komwe alendowo. Maso awo anali pa ndalama ija.

"Mtsikanayo mayi ake ndani?" anafunsa, mawu ali pansipansi.

"A Lonia."

Mtedza umene unali m'zala zawo unaphwanyika ndi njere yomwe.

"Ukaibwezere pamalo pake," anatero, n'kupitiriza kuswa.

2

Kuti mumvetse chifukwa chake mnyamata wamutu wake angapereke ndalama yosagula kanthu, muyenera kuwadziwa bambo anga.

Anali kalaliki woyeza thonje padepoti, ndiponso mkulu wa mpingo, mwana wa mlaliki. Sankamwa, sankasuta, za mpira sankazidziwa. Matenda awo anali amodzi: ndalama zakale zamapepala. Loweruka likafika ankapalasa njinga kupita ku Mlolo, nthawi zina mpaka kumalire, kukafunsa nkhalamba ngati zili ndi ndalama zimene zinaiwalika m'zitini ndi pansi pa masutukesi. Ku Zemba kokha sankapitako. "Kumeneko kulibe kanthu," ankatero.

Zonse ankazisunga mu alubamu yaikulu yokhala ndi timatumba tapulasitiki. Munali mapaundi a nthawi ya Chitaganya, maesikudo a Apwitikizi amene anabwera ndi othawa nkhondo a ku Mozambique, za ku Zimbabwe zokhala ndi maziro ambiri ngati mazira a chule, ndi zapulasitiki zathu zija zinkasuluka ukatuluka thukuta. Iliyonse inali ndi nkhani yake, ndipo nkhanizo ndinkaziloweza kuposa mavesi.

"Wasamba m'manja?" Limenelo ndilo linali funso loyamba. "Ndalama yakale sipindidwa, sichapidwa, sisitidwa. Uigwire m'mbali ngati phiko la gulugufe." Kenako ankaikweza padzuwa kuti ndione nkhope yobisika m'kati mwa pepala. "Waiona? Yabodza ilibe imeneyo."

Koma m'kathumba koyambirira, patsamba loyamba, munkakhala ndalama yophwanya malamulo awo onse. Inali K2 ija, yotopa, yamizere yopindika paliponse, ndipo m'mbali imodzi inali ndi timabowo ting'onoting'ono tondondozana.

"Bambo, yonyansayi ili patsogolo chifukwa chiyani?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Tatembenuza. Waona chiyani kumbuyoko?"

"Mphunzitsi ndi mwana wasukulu."

"Basi."

"Nanga timabowoti?"

"Njenjete. Zina zonse udzagulitse ukadzafuna. Iyi yokha ayi."

Zotsalazo ndinadzimalizira ndekha. Ndinati bambo akufuna ndikhale mphunzitsi, ndipo ndinalimbikira mpaka ndinalowa koleji ya aphunzitsi ku Chipata. Ndili chaka chachiwiri, bambo anagwa pafupi ndi sikelo padepoti. Kuthamanga kwa magazi. Ndinafika atatseka kale bokosi.

Fizi inapita nawo kumanda. Tsiku logawa katundu, achibale awo anatenga wailesi, majekete, njinga yatsopano, ngakhale nsapato zopita nazo kutchalitchi. Alubamu inayenda dzanja ndi dzanja, aliyense akutsegula n'kupatsira mnzake.

"Taonani zodabwitsa," anatero azakhali anga. "Ndalama buku lathunthu, koma mwana wachoka pasukulu!"

Anthu anaseka pamaliro a bambo anga.

"Mpatseni mwanayo azisewera nazo," anatero wina.

Ndinalandira alubamu ndi njinga yakale yopanda mabuleki akumbuyo. Loweruka lotsatira ndinapezeka ndili panjira ya ku Mlolo, ndikufunsa nkhalamba mafunso omwe aja. Ena amalira ndi mowa, ena ndi nyimbo. Ine ndinkalira popalasa.

3

Petronella ankagwira ntchito m'kanyumba kotumizirako ndalama pafoni, pamsika wa pa boma. Tsiku limene ndinamuona koyamba anali pa mkangano ndi agogo ena amene anabwera ndi mapini akale aja, ma K1,000 otha ntchito, atawamanga m'kansalu, kuti atumizire mdzukulu wawo ku Lusaka.

"Agogo, zimenezi zinatha kalekale. Makina sazidziwa."

"Zinatha bwanji, ine ndili nazo m'manja?"

Ndinalowererapo, n'kugula ziwiri zooneka bwino ndi kandalama kanga ka ganyu. Agogowo anapita akundidalitsa. Petronella anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi.

"Achimwene, muli bwinobwino? Mwapereka yamoyo, mwatenga yakufa."

"Ndimasonkhanitsa."

"Ndiye ndinu abwana a banki ya kumanda."

Dzinalo linandikakamira. Kuyambira pamenepo, wina akabwera ndi ndalama yachilendo ankanditumizira uthenga: "Abwana, kwabwera mtembo wina." Ndinkapita kukaona mtembowo, n'kukhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Anali munthu woyamba kundifunsa za bambo popanda kundimvera chisoni. Anali woyambanso kusamba m'manja ndisanamuuze.

Nthawi yopereka chikole itakwana, ndinalibe ya chitenje, ya foni ndiye musanene. Koma si umphawi wokha umene unandituma, musandinamizire. Ndinaganiza kuti mkazi amene ndamusankha ayenera kulandira chinthu chimene bambo anga ankachikonda kuposa zonse. Ndinatsegula tsamba loyamba. Bambo anati ndisagulitse, ndipo sindinkagulitsa.

Ndinamupatsa kuseri kwa msika, pansi pa mtengo wa mango.

"Trywell, ukudziwa kuti kwathu akaseka?"

"Aseke. Iwe ukuseka?"

Sanaseke. Anailandira ndi manja awiri, atapinda bondo pang'ono.

Lamlungu anapita nayo ku Zemba. Amayi ake anali kumaliro kumudzi wina, choncho woyamba kuiona anali a Wadson. Petronella anandiuza pambuyo pake kuti amalume ake anangoti nayo tsomphu, nkhope itachita phulusa, n'kumulamula kuti asawauze amayi ake kalikonse kupatula kuti mnyamatayo wawanyoza.

4

Masabata otsatirawo anandidya ngati chiswe.

A Wadson anamuchotsa Petronella pantchito, n'kumubweza kumudzi kukathyola thonje. Tinkalankhulana mobisa, akakwera pachulu pamene foni imagwira.

"Amalume akuti ukadzaponda kuno akuthira agalu."

"Amayi ako akuti chiyani?"

"Akungomvera. Ndalamayo sanaione n'komwe. Trywell, ungobwera ndi chitenje, zithe."

"Ndabwereka kale, ndagula, ndatumiza. Achibweza."

"Ndiye vuto si ndalamayo," anatero, ndipo foni inaduka.

Kunyumba nako kunali khoma. Ndinapempha amayi kuti atume alongo awo, amalume Ezara, akandilankhulire ngati nkhoswe.

"Akazi anatha pa boma pano?" anandiyankha.

"Amayi, simunamuonepo n'komwe."

"Sindifunika kumuona."

Chinandipweteka kwambiri n'chakuti kuyambira tsiku limene chikole chinabwerera, amayi anayambanso kuimba akamasesa. Chimwalirireni bambo anali asanaimbepo.

Ndinaganiza zopeza umboni woti ndikawatseke pakamwa a ku Zemba. Pali gulu la pafoni la anthu osonkhanitsa ndalama zakale, ambiri a ku Lusaka ndi ku Migodi. Ndinajambula K2 ija mbali zonse ziwiri, n'kufunsa kuti ingakhale yamtengo wanji. Woyamba kuyankha anali a Steward, amene onse m'gulumo amawaopa.

"Mphwanga, iyi ndi nsanza. Zamtundu umenewu zilipo zambirimbiri, zatsopano zosapindika. Ndipo timabowo timeneto si njenjete. Njenjete siyenda mumzere. Imeneyo ndi singano."

Ndinakhala pakhonde foni ili m'manja. Akumudzi akuti ndi yakufa. Odziwa akuti ndi nsanza. Nditatsegula alubamu ndinapeza kuti patsamba lachisanu pali K2 ina yamtundu womwewo, yosalala ngati yachokera kubanki dzulo, mphunzitsi wake akuoneka bwino kuposa wa pa inayo. Ndinali nditaiona kambirimbiri osaiganizira. Ngati nkhani inali ya mphunzitsi, bwanji bambo sanaike yokongolayo patsogolo? Nanga munthu wodziwa ndalama ngati iwo akanasokoneza bwanji singano ndi njenjete?

Ndinafunsa amayi. Anandiuza kuti nkhuku zalowa m'dimba.

M'mawa mwake ndinamanga alubamu pakaliyala ndi mphira, n'kulunjika ku Zemba. Agalu andilume, ndinatero, koma wina andiyankhe.

5

Ndinawapeza pabwalo, pansi pa mtengo, akusankha thonje pamphasa. A Wadson anali pampando akusoka thumba. Petronella atandiona anagwira pakamwa. Pambali pake panali mayi wamfupi, wa duku lofiirira, amene ndinadziwa kuti ndi a Lonia. Anadzutsa mutu, n'kundiyang'anitsitsa nthawi yaitali kuposa mmene mayi amayang'anira mlendo.

"Iwe, sunamve?" anakuwa a Wadson. "Tembenuza njinga yakoyo!"

Ndinagwada patali, n'kuomba m'manja.

"Ndabwera wopanda nkhoswe, ndalakwa, mundilipitse. Koma ndisanapite mundimvere. Sindinakunyozeni. Ndalama ija inali ya malemu bambo anga..."

Ndinatsegula alubamu, n'kuyamba kuphunzitsa ngati ndili m'kalasi imene sindinaimalize. Ndinaonetsa mapaundi, ndinaonetsa maesikudo. Ana anaunjikana. Mayi wina woyandikana nawo anati, "Kodi ameneyu ndi sing'anga?" Anthu anaseka.

"Tabweretsa kuno," anatero a Lonia mwadzidzidzi. "Ndiione ndalama imene yasokoneza mudzi wonseyi."

"Palibe choona, Lonia," anatero a Wadson, ataimirira. "Ndi chinyalala."

"Chinyalalacho ndichione, alongo."

Ndinaitulutsa m'kathumba kake, n'kupereka kudzera mwa Petronella. A Lonia anaiika pachikhatho. Anayendetsa chikhadabo pa timabowo tija, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kenako anachita chinthu chimene chinatsala pang'ono kundikuwitsa: anayamba kuipinda. Sankayang'ana n'komwe. Zala zinkangoyenda zokha, ndipo pepalalo linkagonjera, mzere uliwonse ukubwerera pamalo pake, mpaka linasanduka kanthu kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu.

"Bambo ako ndi Manase?"

"Anali, amayi. Anatisiya chaka chathachi."

Anatseka maso. Atawatsegula, anali pa alongo awo.

"Alongo, ndalama iyi ndinaisokerera ndekha mumpendero wa diresi langa lachikasu. Inatulukamo bwanji?"

"Zakale zimenezo, Lonia. Pali ana pano."

"Inatulukamo bwanji?"

A Wadson anakhala pansi pang'onopang'ono, singano ya matumba ikadali m'manja.

"Amalume athu ndiwo anandituma. Unali kumadzi, ndinasomola ulusi. Iwe ukudziwa zimene bambo ake a Manase ankalalikira za ife ndi gule wathu. Ankatitchula akunja paguwa. Amalume anati mwana wa munthu ameneyo sadzamanga nyumba pamudzi pano. Ine ndinali mnyamata chabe, ndikanakana bwanji?"

"Kwa Manase munakanena chiyani?"

"Ndinati wakana."

"Ndakana." A Lonia anabwereza ngati akulawa mankhwala. "Ine ndinkayesa yagwera pamtsinje pochapa. Ndinafufuza mumchenga mwezi wathunthu, inu mukundiona. Manase atasiya kubwera ndinati wamva kuti ndataya chikole chake, wakwiya. Ndinachita manyazi kumutumira mawu. Inu mukundiona, alongo, mukudya nsima yanga."

"Kawiri konse ndainyamula ndalama imeneyi," anatero a Wadson, akuyang'ana pansi. "Nditaiona m'manja mwa mwanayu ndinayesa Manase wadzuka."

Ine mutu unali utathamangira kwina. Ndinayang'ana Petronella, iyenso anandiyang'ana, ndipo tonse tinali ndi funso limodzi loopsa.

"Amayi," ndinatero, "kodi Petronella ndi ine..."

A Lonia anaseka, koma kuseka kopanda mano.

"Usaope, mwanawe. Bambo ako sanandigwirepo ngakhale dzanja. Chimene anandipatsa ndi chokhachi."

Anamasula nsonga ya chitenje chawo, n'kumangamo kandalama kaja mfundo ziwiri.

"Iyi si ya Petronella. Ndi yanga, yangochedwa panjira. Ngati ukumufuna mwana wanga, ubwere ndi chikole chakochako, ndi ankhoswe ako, ngati munthu wochokera kwa anthu. Alongo angawa akulandira."

A Wadson sanatsutse.

6

Amayi ndinawapeza akuyanika mtedza pabwalo. Ndinaika alubamu patsogolo pawo, tsamba loyamba lili lotsegula.

"Munkadziwa."

Sanafunse kuti ndikunena chiyani.

"Mkazi wosadziwa ndi amene safuna kudziwa," anatero. "Nditangokwatiwa ndinaipeza m'Baibulo lawo. Mudzi wonse unkadziwa kuti anakanidwa ku Zemba asanabwere kwa ine. Ndinafunsa kuti ndalama yotha ntchito ikutani m'Masalimo. Sanayankhe. Mwezi wotsatira anabwera ndi zina ziwiri zakale. Kenako zisanu. Kenako anagula bukulo, kuti ndikadzafunsanso adzati ndi chizolowezi chabe."

Analoza alubamu ndi chibwano.

"Mapaundi akowo, za Apwitikizi zakozo, zonsezo ndi mpanda. Bambo ako anamanga mpanda kuzungulira K2 imodzi."

"Bwanji simunanene?"

"Kwa yani? Sanandimenyepo. Sanagonepo kunja. Malipiro ankabwera nawo onse. Ndikanapita kwa ankhoswe kukadandaula kuti chiyani? Kuti mwamuna wanga amasamba m'manja?"



"Ndiye lero," anapitiriza, "ukufuna ukakhale mkamwini pakhomo pa mkazi ameneyo. Ukamange nyumba kuseri kwa nyumba yake, ukamulimire thonje, adzuke m'mawa uliwonse akuona nkhope ya Manase ikudutsa ndi khasu. Bambo ako ndinagawana naye. Iwenso ndigawane naye?"

"Amayi, Petronella sanalakwe kanthu."

"Nanga ine ndinalakwa chiyani?"

Ndinalowa m'nyumba nditakwiyira aliyense: a Wadson, amalume awo amene anafa kale, agogo anga alaliki, amayi, ndiponso koposa onse, munthu amene ndinkamulira tsiku ndi tsiku. Ndinali nditapalasa njinga chaka chathunthu ndikuyesa ndikupitiriza ntchito ya bambo anga, osadziwa kuti ndikungowonjezera udzu pampanda wopanda chotchinga.

Thonje linagulitsidwa, mphepo ya Julaye inadutsa, amayi osasintha. Petronella analeka kukwera pachulu kawirikawiri. Tsiku lina anandiuza mosapsatira: "Sindidikira zaka makumi atatu ngati amayi, Trywell. Mvula ikagwa usanabwere, usabwerenso."

Ndinawauza amayi mawu amenewo monga mmene analili. Masana a tsiku lotsatira ndinawapeza pakhonde alubamu ili pamiyendo. Chikhalire sindinawaonepo ataigwira. Sanasambe m'manja. Ankayang'ana kathumba koyambirira kaja, kopanda kanthu, akukasisita ndi chala chafumbi.

"Moyo wanga wonse wa m'banja ndakhala ndikudikira kuona malo awa ali chonchi," anatero. "Ndimayesa ndidzasangalala."

Anamasula mfundo ya chitenje chawo, n'kutulutsa ndalama imodzi ya mtedza umene anagulitsa, yofewa ndi thukuta.

"Iyi ndi yamoyo. Ukampatse mtsikanayo m'manja mwake, amayi ake akuona. Usatume munthu. Amalume ako Ezara ndawauza kale, mupita limodzi Loweruka."

Ndinagwada. Anandikankha phewa.

"Usandithokoze. Sindikufuna kuti nawenso udzagule buku. Koma phazi langa ku Zemba, iyayi. Usadzandipemphe."

7

Ndinakwatira mvula isanagwe. Amayi sanabwere. Anatumiza mbuzi ndi amalume Ezara, iwo n'kutsala pakhomo akuti mwendo ukuwawa. Mwana wathu atabadwa tinachita kupita naye pa boma kuti akamuone. Anamufungata tsiku lonse, koma mpaka lero Zemba sanaiponde, ndipo ndasiya kupempha.

Panopa ndine mkamwini. Ndimalima thonje, m'kalasi sindinabwerere. Mwambo umati mkamwini ndi apongozi ake asayang'anane m'maso, akakumana panjira wina apatuke. Anzanga amadandaula nawo mwambo umenewu. Kwa ine ndi a Lonia ndi chifundo. Nthawi zina ndikamadutsa ndi khasu ndimamva maso awo kumsana kwanga, ndipo ndimadziwa kuti sakuyang'ana ine.

Ndalama zasinthanso posachedwapa, ndipo ya mtedza ija, imene amayi anati ndi yamoyo, nayonso yatha ntchito. Petronella anakana kukaisinthitsa. Anasamba m'manja, n'kuilowetsa m'kathumba koyambirira ka alubamu. "Abwana," anatero, "kwabwera mtembo wina." Ndinaseka, kenako ndinatuluka panja kuti asandione.

Kusonkhanitsa ndinaleka. Ndikatsegula masamba enawo sindionanso Chitaganya kapena Apwitikizi. Ndimaona Loweruka lililonse limene amayi ankatsala okha pakhomo.

Awerengi anzanga, sindikudziwa kuti ndikwiyire ndani, ndipo n'chimene chimanditopetsa. A Wadson anatumidwa. A Lonia anaberedwa. Amayi anapirira chinthu chopanda dzina. Bambo anali munthu wabwino, ndikunenetsa, ndipo ndimawasowabe ngati mpweya. Koma anandiphunzitsa kukweza ndalama iliyonse padzuwa kuti ndione nkhope yobisika m'kati, pamene iwo eni ake sanalole kuti wina awakweze padzuwa.

Inu amene muli ndi kanthu kanu kopindika m'Baibulo kapena pansi pa sutukesi, musanamize ana kuti ndi njenjete. Tsiku lina mudzapita, ndipo mwana amene ankakukondani kwambiri ndi amene adzakatulutse ndi manja awiri, n'kukapereka pakhomo lomwe lija munkalizemba.